Wofika Mochedwa Akalowa Koyamba

Aliyense amene anaperekezapo mwana kuchipatala cha boma amaudziwa mzere. Umadzuka tambala woyamba atangolira, koma pofika umapeza anzako atakhala kale pabenchi, timabuku ta kuchipatala tili m'manja. Pamzere pali lamulo limene palibe analilemba koma tonse timalisunga: wofika koyamba ndiye alowe koyamba. Ndiye taganizani mwakhala pamenepo maola atatu, kenaka namwino akutuluka, akuyenda pang'onopang'ono uku akusuzumira ana ali kumsana, n'kuima pa mayi amene wangofika kumene. "Mayi, bwerani naye kuno msanga." Pabenchi pamayamba manong'onong'o. Ena amati ndi m'bale wake. Ena amati wapereka kangachepe.

Sindikana kuti kukondera kumachitika. Koma nthawi zambiri chimene namwinoyo wachita ndi ntchito imene anachita kuiphunzira, ndipo ili ndi dzina lake, triage. M'phunziro lino tiona kumene ntchitoyi inachokera, momwe imaphunzitsidwira, ndiponso momwe kafukufuku anadzapezera kuti mbali ina ya zimene ankaphunzitsazo inali yoopsa. Nkhaniyi mbali yake yaikulu inachitikira kwathu konkuno, mu mzinda wa Blantyre.

Triage ndi mawu a Chifalansa, ochokera ku mneni wotanthauza kusankha kapena kupatula, monga timachitira ndi nyemba tisanaziteleke. Amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anayambitsa ganizoli ndi Dominique Jean Larrey, dokotala wa maopaleshoni m'gulu la nkhondo la Napoleon. Iye ankaumirira kuti wovulala kwambiri ndiye athandizidwe koyamba, kaya ndi msilikali wamba kaya ndi mkulu wa asilikali. Koma kuti chithandizo cha matenda adzidzidzi chikhale nthambi yakeyake ya udokotala, yokhala ndi aphunzitsi ake ndi kafukufuku wake, ndi za posachedwapa. Ku America maphunziro oyamba otere anayamba pa University of Cincinnati mu 1970. Ku South Africa nthambiyi inavomerezedwa mu 2003. Kuno chigawo cholandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi ndi ovulala pangozi chinatsegulidwa pa Queen Elizabeth Central Hospital mu 2011. Koma pa nkhani ya ana, chipatala chomwechi chinali chitatsogola kale zaka khumi m'mbuyomo.

Zimene zinasintha ku Gulupu

Chisanafike chaka cha 2001, ana odwala ofika pa Queen Elizabeth, imene ambiri timangoitcha Gulupu, ankaonedwa motsata mzere. Wa chimfine ndi wa malungo a mu ubongo ankakhala pabenchi imodzi. Amene ankaona anawo anali ochepa, otanganidwa, ndipo madokotala aakulu a ana nthawi zambiri ankakhala kumawodi, kudikira odwala amene agonekedwa kale. Zotsatira zake zinkaoneka m'mabuku a chipatala. Pa ana 100 aliwonse ogonekedwa, pakati pa 10 ndi 18 ankamwalira. Ndipo pa ana 100 aliwonse omwalirawo, 36 ankamwalira pasanathe maola 24 chigonekedwereni.

Nambala yachiwiriyi ndiyofunika kuilingalira bwino. Mwana akamwalira tsiku loyamba, nthawi zambiri sikuti mankhwala a kuwodi alephera. Mankhwalawo sanapatsidwe n'komwe mpata wogwira ntchito. Mwanayo anachedwa kunyumba, anachedwa panjira, kenaka anachedwanso kachitatu pakhomo penipeni pa chipatala. Kuchedwa kuwiri koyambako chipatala sichingakuthetse chokha. Koma kwachitatuko kuli m'manja mwake.

Pulofesa Elizabeth Molyneux, dokotala wa ana wochokera ku Britain amene ankatsogolera gawo la ana ku College of Medicine, anali atagwirapo ntchito yolandira ana odwala mwadzidzidzi ku Liverpool. Iye ndi anzake anakonzanso polowera ana. Anakhazikitsa chipinda chotsitsimutsira odwala kwambiri, chokhala ndi okosijeni ndi mankhwala pafupi. Anaika malo oyezera malungo ndi kuchuluka kwa magazi pompo, kuti mayi asamayendeyende ndi mwana wolefuka kufunafuna labotale. Madokotala odziwa ntchito anayamba kukhala pakhomopo m'malo modikira kuwodi. Ndipo anamwino anaphunzitsidwa kuyang'ana mwana aliyense akangofika, asanalembetse n'komwe dzina.

Zotsatira zake anazisindikiza mu 2006 m'magazini ya kafukufuku ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8 pa 100 aliwonse. Imfa za tsiku loyamba zinatsika kuchoka pa 36 kufika pafupifupi 13 pa imfa 100 zilizonse. Wophunzira wosamala afunse kuti, kodi tikudziwa bwanji kuti ndi kusinthaku kumene kunatsitsa imfazo? Funsoli ndi labwino, chifukwa kafukufukuyu anangoyerekeza zaka za m'mbuyo ndi za pambuyo, ndipo m'zaka zimenezo zinthu zina zikhoza kusinthanso. Komabe kutsika kwakukulu kunachitika pa tsiku loyamba, pomwe panakonzedwapo. Kwa ine umboni umenewo ndi wolemera ndithu. Ndipo onani kuti panalibe mankhwala achilendo amene anatulukiridwa. Chinasintha ndi dongosolo, komanso maso a anthu.

Njira yosankhira anayi inayesedwa ku Blantyre ndi ku Brazil, ndipo mu 2005 WHO inatulutsa mabuku ophunzitsira otchedwa Emergency Triage Assessment and Treatment, mwachidule ETAT. Lero amagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa ndi kwina.

Kodi namwino uja amayang'ana chiyani?

ETAT imagawa ana m'magulu atatu. Loyamba ndi la amene ayenera kuthandizidwa nthawi yomweyo, apo ayi amwalira. Lachiwiri ndi la amene ayenera kupita kutsogolo kwa mzere. Lachitatu ndi la amene angathe kudikira. M'zipatala zambiri maguluwa amapatsidwa mitundu ya maloboti a pamsewu: ofiira, achikasu ndi obiriwira. Ntchito ina imene inachitika m'zipatala zazing'ono za mu Blantyre, yothandiza alangizi a zaumoyo kusankha ana pogwiritsa ntchito foni, anaitcha Chipatala Robot pa chifukwa chomwechi.

Namwino amayamba ndi kupuma, chifukwa ndi kumene kumapha msanga. Kodi mwana akupuma? Kodi pali chomutsamwa? Kodi lilime ndi m'kati mwa milomo mwachita bii chifukwa chosowa mpweya? Kodi akubanika kwambiri, nthiti zikulowa m'kati, mpaka kulephera kuyamwa kapena kulankhula? Akatero amagwira dzanja la mwanayo. Ngati ndi lofunda, magazi akuyenda. Ngati ndi lozizira, amafinya chikhadabo mpaka chiyere, n'kuchisiya. Yesani pa chala chanu panopa: kufiira kumabwerera nthawi yomweyo. Kukatenga masekondi opitirira atatu, ndipo mtima ukugunda mofulumira koma mofooka, ndiye kuti magazi sakufika bwino m'ziwalo. Kenaka amaona ngati mwana ali maso, ngati akumva akaitanidwa, ngati akumva kuwawa akatsinidwa, kapena ngati sakumva chilichonse. Amaona ngati akuphiriphitha ndi linjirinjiri. Pomaliza, ngati mwana akutsegula m'mimba, amaona ngati maso alowa m'kati, ngati walefukiratu, ndiponso ngati khungu la pamimba likuchedwa kubwerera akalitsina. Limodzi lokha mwa mavuto amenewa likapezeka (kwa wotsegula m'mimba pamafunika zizindikiro ziwiri mwa zitatuzo), mwanayo salowanso pamzere.

Gulu lachikasu ndi lalikulu. Muli khanda lililonse lodwala losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, wovulala, wapsa ndi moto kapena madzi otentha, wamwa poizoni, woyera m'manja chifukwa chochepa magazi, wotupa mapazi onse awiri, wowonda kwambiri, womva ululu waukulu, wosakhazikika, ndiponso wobwera ndi kalata yomutumiza mwachangu kuchokera kuchipatala china.

Zonsezi, kwa mwana amene alibe chizindikiro choopsa, zimayenera kutenga masekondi 15 mpaka 20 basi.

Chimene chinandikhudza nditawerenga mndandandawu ndi chakuti mwana amene ali pangozi yaikulu nthawi zambiri si amene akulira mokweza. Wolira mokweza akupuma, ndipo ali ndi mphamvu. Woopsa ndi uja ali zii kumsana, amene amayi ake akuganiza kuti wagona. Amene tinapitako kokaphunzira kuphunzitsa m'sukulu timadziwa kuti m'kalasi ya ana 90, maso a mphunzitsi amathamangira kwa olongolola ndi okweza manja. Wakhala phee kumbuyo uja ukhoza kutha naye teremu yonse osadziwa kuti satha kuwerenga. Diso la munthu mwachibadwa limatsata phokoso. Kuti liyambe kufunafuna wachete, liyenera kuphunzitsidwa.

Kaphunzitsidwe kake

Maphunziro a ETAT monga anakonzedwera amatenga masiku atatu ndi theka. Nthawi yambiri sikhala yomvetsera mphunzitsi ali kutsogolo. Ophunzira amagwira zidole, kuyeserera kutsegula njira ya mpweya, kupopera mpweya ndi chipangizo cha m'manja, kuika mwana wokomoka chammbali. Mphunzitsi amanena kuti, mwana wa miyezi isanu ndi itatu wafika, sakupuma bwino, uchita chiyani? Wophunzira sayankha ndi pakamwa pokha, amachita, anzake akuonerera, kenaka amakambirana pomwe walakwitsa. Amapitanso pamzere weniweni kukasankha ana enieni, mphunzitsi ali pambali.

M'kalasi ya njira zophunzitsira timauzidwa kawirikawiri kuti munthu amaphunzira pochita, ndipo timalemba zimenezi pamayeso, n'kukhoza, titaziloweza. Pano ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake. M'masekondi 20 mulibe nthawi yokumbukira tsamba la notsi. Chimene manja sanazolowere sichichitika.

China chimene chimandisangalatsa ndi chakuti mabuku a ETAT salekezera pa madokotala ndi anamwino. Amanena kuti mlonda wa pachipata, kalaliki wolemba maina ndi wokolopa, popeza ndi amene amayamba kukumana ndi odwala, aphunzitsidwenso kuzindikira zizindikiro zoopsa ndi kudziwa kothamangira naye mwana. Mlonda sangaike dilipi, koma akhoza kuona mwana wolendewera khosi n'kunena kuti, musakhale pabenchi, tiyeni uku. Amene anakonza maphunzirowa anayamba adzifunsa kuti ndani amene amaona mwana koyamba, osati ndani ali ndi satifiketi yaikulu.

Vuto lake ndi lodziwika kwa mphunzitsi aliyense: chophunzira chimaiwalika. Namwino wophunzitsidwa bwino akasamutsidwira kuwodi ina, pakhomo pamabwera wina amene sanaphunzire. Okosijeni akatha, kapena shuga wa m'botolo akasowa, luso lokha silipulumutsa mwana. N'chifukwa chake malo amene ETAT yakhazikika ndi amene amabwereza maphunzirowa pantchito pomwepo, ndi kukhala pansi kukambirana imfa iliyonse kuti aone pomwe panachedwa.

Pamene chophunzitsidwa chinapezeka cholakwika

Tsopano tichoke ku Blantyre, tipite kumpoto, ku East Africa, chifukwa kumeneko ndi kumene mbali imodzi ya ETAT inayesedwa pamoto.

Mabuku oyamba a ETAT, monganso mabuku a ku Ulaya ndi ku America, ankaphunzitsa kuti mwana amene magazi sakuyenda bwino apatsidwe madzi a dilipi ambiri mofulumira, mamililita 20 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Ganizoli linkamveka lanzeru. Ngati mumpopi madzi akuyenda mofooka, onjezera madzi. Madokotala ankaonanso ndi maso awo kuti mwana akalandira madziwo manja amafunda ndipo mtima umagunda bwino. Kwa zaka zambiri palibe amene anayesa njirayi poyerekeza ana olandira ndi osalandira, chifukwa aliyense ankaona ngati yankho ndi lodziwika kale.

Pulofesa Kathryn Maitland ndi madokotala anzake a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anaganiza zoyesa. Kafukufuku wawo, wotchedwa FEAST, anayamba mu 2009 m'zipatala zisanu ndi chimodzi. Analowetsamo ana 3,141 otentha thupi kwambiri amene magazi sankayenda bwino, ambiri a iwo odwala malungo. Ana onse analandira mankhwala a malungo kapena opha tizilombo, okosijeni, shuga, ndi magazi ngati ankafunika. Kusiyana kunali pamodzi pokha. Mwamaere, ena anapatsidwa madzi amchere mofulumira, ena madzi okhala ndi albumin mofulumira, ndipo ena analandira dilipi yapang'onopang'ono yokha.

Apa pali funso lovuta la chikumbumtima. Kodi mayi amene mwana wake akubanika ungamupatse chikalata cha masamba angapo kuti awerenge ndi kusaina? Ofufuzawo anagwirizana ndi makomiti oona za ufulu wa odwala kuti kholo lifotokozeredwe mwachidule ndi kuvomera pakamwa, kenaka mwana akakhazikika lifotokozeredwe zonse ndi kusankha ngati likufuna kupitiriza. Si njira yopanda chilema, pakuti munthu wamantha amavomera zambiri. Koma kukana kufufuza konse nakonso ndi chisankho, ndipo zimene zinapezeka zikuonetsa mtengo wake.

Ofufuzawo ankayembekezera kuti madzi ofulumira apulumutsa ana. Mu Januwale 2011 komiti yoyang'anira chitetezo cha odwala inaimitsa kafukufukuyo asanathe. Pa ana 100 aliwonse olandira madzi ofulumira, pakati pa 10 ndi 11 anamwalira m'maola 48. Pa 100 aliwonse amene sanalandire, anamwalira 7. Ndiye kuti pa ana 100 aliwonse, chithandizo chimene dziko lonse linkaphunzitsa chinkaonjezera imfa zitatu. Zotsatirazi zinasindikizidwa chaka chomwecho mu New England Journal of Medicine.

Chodabwitsa n'chakuti maso a madokotala sananame. Ana olandira madziwo ankaonekadi bwino pa ola loyamba. Ankamwalira pambuyo pake, ndipo atasanthula imfazo anapeza kuti zambiri zoonjezerazo zinabwera chifukwa mtima ndi mitsempha zinalephera mwadzidzidzi, osati chifukwa madzi anadzaza m'mapapo monga ambiri ankaganizira. Dokotala woona mwana mmodzi mmodzi sakanatha kuzindikira zimenezi. Mwana akachira amati madzi amuthandiza. Akamwalira amati anabwera mochedwa. Imfa zitatu pa 100 sizioneka ndi maso, zimaoneka powerenga.

Tisasokoneze apa. Ana otsegula m'mimba amene atha madzi m'thupi, ana opsa ndi moto, ovulala ndi onyentchera kwambiri sanali m'kafukufukuyu. Mwana wa kolera amafunikabe madzi ambiri mwachangu, ndipo thanzi ORS ndi wopulumutsa moyo monga kale.

Kusintha sikunabwere msanga. Ena anati ana ambiri a mu FEAST sanali odwala mofika pa muyeso umene WHO imagwiritsa ntchito, choncho malangizo akale akhalebe. Buku la WHO la chisamaliro cha ana m'chipatala la mu 2013 linatuluka likadali ndi madzi ofulumira, ndipo ofufuza a FEAST anadandaula poyera. Mu 2016 ndi pamene WHO inakonzanso malangizo a ETAT: mwana amene ali ndi chizindikiro chimodzi kapena ziwiri zokha asapatsidwe madzi ofulumira, ndipo amene ali ndi zitatu zonse, manja ozizira, chikhadabo chochedwa kufiira ndi mtima wofooka wothamanga, apatsidwe mosamala, mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu m'mphindi 30 mpaka 60, akuyang'aniridwa. Zaka zisanu zinadutsa kuchokera pa umboni kufika m'buku. Ine ndikuona kuti zinachuluka. Ndipo ngakhale buku litasintha, panatsala ntchito ina yovuta kuposa yoyamba ija: kubwerera kwa anthu amene anaphunzitsidwa bwino, amene manja awo anazolowera, n'kuwauza kuti chimene tinakuphunzitsani chija musiye. Mphunzitsi aliyense amene anayesapo kukonza kalembedwe kolakwika ka mwana wa Sitandade 5 akudziwa kuti kufufuta kumavuta kuposa kulemba.

Kwa ife amene si achipatala

Ambiri a ife sitidzavala yunifolomu yoyera. Koma tidzakhala ndi ana m'kalasi, kumisasa, paulendo wa achinyamata, ndipo tsiku lina mmodzi adzagwa. Ngati akuphiriphitha, muchotsereni zinthu zomwe zingamuvulaze, musamupanikize, ndipo musamuike supuni, chala kapena kansalu m'kamwa. Musamumwetse madzi kapena mankhwala ali chikomokere, chifukwa zimalowera kumapapo. Akaleka, mugonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke. Yang'anani nthawi pafoni: kuphiriphitha kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwereza mwana asanatsitsimuke, nyamukani. Ngati thupi latentha, nyamukani ngakhale kutasiya msanga, pakuti kwathu kuno malungo a mu ubongo sachedwa. Ndi chifukwa cha ana otere kuti Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, muyeso wa kukomoka kwa ana wotchedwa Blantyre Coma Scale, umene madokotala a malungo amagwiritsa ntchito padziko lonse mpaka lero.

Mukafika kuchipatala, ulemu umene tinaleredwa nawo udzakuuzani kuti mukhale kumapeto kwa benchi mudikire nthawi yanu. Musakhale. Pitani kwa wantchito woyamba amene mwamuona, ngakhale akhale mlonda, ndipo musayambe ndi nkhani ya dzana. Nenani chimene mukuona: mwanayu sakudzuka, kapena akubanika, kapena wakomoka kawiri panjira. Nenani zaka zake, nthawi imene zinayamba, ndi mankhwala amene wamwa kale, kuphatikizapo achikuda ngati anapatsidwa, chifukwa namwino ayenera kudziwa. Kabuku ndi kulembetsa dzina zichitika pambuyo, mwana ali kale pa okosijeni.